Mtengo Womwe a Nicanor Ankati Kulibe

A Nicanor Belenguer sanayambe atulukapo pakhomo pawo n'kulunjika komwe akupita. Akafuna kukwera kuphiri ankayamba atsikira kumunsi, kudutsa pa bala ya mayi Obdulia kuti aliyense awaone bwinobwino, kenako n'kukakhotera kuseri kwa manda. Anayenda choncho zaka makumi anayi, ndipo m'mudzi wa Fuenroya palibe ankadabwa nazo. Kwathu kuno wokumba tirufa aliyense amayenda mokhotakhota, ndipo aliyense ndi wabodza. Mukamufunsa kuti zayenda bwanji lero, amagwetsa nkhope, amvekere chaka chino nthaka yauma, galu wakalamba, ndangodzitopetsa, uku thumba lake likununkha mpaka tsidya la msewu. Bodza limeneli sitiliwerengera ngati tchimo. Ngakhale bambo mfumu akabwera kudzamva olapa, za tirufa safunsa.

Tirufayo ndi bowa wakuda wamakwinya, womera pansi pa nthaka, pamizu ya mtengo wa karasika. Samera paliponse. Mitengo ikhoza kukhala chikwi paphiri, wobereka n'kukhala umodzi, ndipo amene waupeza amatseka pakamwa mpaka manda. Wa a Nicanor unali potulukira phanga lalitali la sitima, kuseri kwa chimulu cha miyala yomwe anthu akale anafukula pobowola phirilo. Unali mtengo wopindika, wosaoneka bwino, woti ngakhale mbuzi singaime pamthunzi pake. Koma pansi pake udzu sunkamera. Panali bwalo lambee lozungulira tsinde ngati pomwe panayaka moto, ndipo munthu wodziwa akangoona bwalo lotere safunsanso kanthu.

Anaupeza ndi bambo awo, malemu a Eleuterio, omwe ankayendera njanji masiku omwe sitima zinkatsika ndi miyala ya chitsulo kuchoka kumgodi kupita kunyanja. Tsiku ndi tsiku mkuluyo ankayenda ndi nyundo paphewa, kugogoda zitsulo kuti amve ngati pali chomasuka, maso ali uku ndi uku. Miyendo itayamba kuwakana, anatenga mwana wawo wamwamuna, yemwe n'kuti ali kale ndi ndevu zake, n'kupita naye osamuuza komwe akupita. Atafika sanaloze ndi chala, anangotukula chibwano. Anamuuza kamodzi kokha kuti asafikeko koposa katatu pa chaka, asadzere njira imodzi kawiri, ndipo asauze munthu. Casilda, mlongo wa a Nicanor, sanauzidwe.

Malowo sanali a banja lawo. Anali a njanji, ndipo njanjiyo itafa anasanduka opanda mwini. Panalibe mpanda, panalibe pepala, panalibe kokadandaula. Chomwe chinkatchinga mtengowo chinali pakamwa pa a Nicanor basi.

Sitima zitasiya kuyenda, sukulu inatsekedwa, anthu anamwazikira ku Valencia ndi ku Zaragoza, m'mudzi munatsala anthu osakwana makumi atatu ndi agalu ochuluka kuposa eni ake. A Nicanor nawonso anapita, anakagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi pa fakitale ya matailosi ku Castellón, koma chisanu chikangogwa ankatulukira kumudzi, ati kudzaona mayi awo. Mayiwo ankawaona theka la ola. Anakwatira a Herminia, munthu wofatsa, wosoka zovala, anakhala nawo zaka makumi atatu, ndipo a Herminia anatsikira kumanda osadziwa ngati mtengowo uli kumpoto kapena kumwera. Tsiku lina atafunsa, amuna awo anangoti, "Iwe umayankhula kutulo." Sanafunsenso. Atamwalira, m'nyumba munatsala mkuluyo ndi galu wamkazi wotchedwa Brasa, galu wonyansa nkhope koma wamphuno yoti mudzi wonse unkaisirira.

Zaka zonsezi a Nicanor ankagona tulo. Phanga lija linadzaza matope ndi mileme, pomwe panali njanji panamera minga, ndipo kupatula nguluwe palibe chamoyo chinkadutsako. Ndiye kunabwera a boma ndi nzeru zawo. Anasalaza pomwe panali njanji, anathirapo timiyala toyera, anaika nyale zodziyatsa zokha m'phangamo, n'kuimika zikwangwani zoti njirayi ndi ya njinga ndi oyenda pansi, galimoto ayi. Mayi Obdulia anawomba m'manja, chifukwa opalasa njinga amamwa khofi ndipo amadya buledi wa nyama yowumitsa ngati anthu ochoka kundende. A Nicanor anapita kukawerenga mapazi kuchoka panjirayo kukafika pamtengo. Anapeza makumi anayi, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Anthu akewo sankadana nawo kwenikweni, ngakhale kuti zovala zawo zothina zija zinkawachititsa manyazi. Chomwe chinkawanyansa ndi kusamveka kwa njingazo. Sitima inkalira ikadali kutali, galimoto umaimva ili kuseri kwa phiri, koma njinga zamatayala onenepazi umangomva timiyala tikuti tswatswatswa, ukacheuka munthu ali kale pamsana pako, nkhope yonse magalasi, osadziwika ngati akuyang'ana njira kapena akuyang'ana zako.

Kufikira nthawi imeneyo, munthu yemwe a Nicanor ankachenjera naye anali wa m'banja momwemo, a Saturnino, amuna a Casilda. Anali bambo wonenepa, woseka ndi aliyense, ndipo anatha zaka makumi atatu akusakasaka mtengo wa apongozi awo. Atatopa anadzala mitengo yawoyawo ya karasika m'munda, n'kuitchinga ndi waya, koma inali isanayambe kubereka. Inali ndi zaka zinayi zokha, ndipo mitengo yotere imakudikiritsa zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposa. Awiriwa ankakumana pa bala masana aliwonse posewera makadi.

"Alamu, nsapato zanu zili ndi dothi lofiira lero," a Saturnino ankatero, maso ali pansi pa tebulo. "Dothi lofiira lili kumtsinje kokha."

"Ndiye pitani kumtsinjeko mukakumbe. Mwina mukapeza achule."

"Nanga kuphanga kuja simufikako masiku ano?"

"Ndikatani? Kuli miyala ndi ndowe za mileme. Ponyani khadi, mwakalamba mukundizonda."

Dothi lofiiralo a Nicanor ankalisunga m'chitini kunyumba, ndipo ankalipaka kunsapato asanatuluke.

Mayi wa panjinga anamuona koyamba Lachiwiri lina mu Okutobala. A Nicanor anali pamtunda, pamwamba pa phanga, akungoyang'ana chapatali ngati nguluwe zafukula. Anaona njinga yotuwa ikutuluka m'phangamo, chiwongolero chake chopiringizika ngati nyanga za nkhosa yamphongo, tizikwama tamangiriridwa uku ndi uku. Ena onse akatuluka m'phanga ankangodutsa. Uyu anaima. Anakhala pamwala, anavula magolovesi, anayang'anitsitsa kachipangizo kena komangidwa pachiwongolero, kenako anaimirira, n'kuyang'ana kumanja, n'kuyang'ana kumanzere. Munthu wosalakwa sayang'ana choncho, a Nicanor anadziuza. Mayiyo anasiya njinga, analowa patchire, n'kuzimirira kuseri kwa chimulu cha miyala chija. Patapita kanthawi mayiyo anatulukira, anakwera njinga yake, n'kumapita.

Kamodzi n'kamodzi, anatero mumtima. Koma Lachiwiri lotsatira anapezeka pamtunda paja kusanatenthe, ndipo zinachitika chimodzimodzi: mwala, magolovesi, kachipangizo, kumanja, kumanzere, patchire. Ulendo uno anasendera pansi mpaka anaona chisoti cha mayiyo chikutsika kuseri kwa zitsamba. Wanyonyomala! Abale, munthu amanyonyomala pafupi ndi karasika pofuna chiyani, ngati si kununkhiza nthaka? A Nicanor anali atamva pa bala kuti masiku ano kuli anthu a m'tauni oyenda ndi timakina tosunga malo, amalemba pomwe apeza, chisanu chikagwa n'kubwera ndi agalu awo kudzasesa zonse. Sabata yonseyo mutu wawo unali pa mayiyo. Anamuganizira kuti watumidwa ndi ogula tirufa a ku Barcelona. Anamuganizira kuti ndi wa boma. Tsiku lina akumeta ndevu anafika poganiza kuti watumidwa ndi a Saturnino, mpaka anadzicheka pachibwano.

Apa ndi pomwe mkuluyu anayamba kuphwanya malamulo a bambo ake. Munthu yemwe ankafika pamtengo katatu pa chaka anayamba kupitako tsiku lililonse. Anatola nthambi zouma n'kuphimba bwalo lambee lija. Anadula minga n'kuiunjika pomwe mayiyo ankalowera patchire. Lachiwiri lachitatu mayiyo anafika, anaona mingayo, anangoizungulira, ndipo pozungulirapo anakafika pafupi ndi mtengo kuposa kale. A Nicanor, ali chigonere kuseri kwa mwala atagwira kukamwa kwa Brasa, anatukwana chamumtima mawu omwe anali asanawatchule chichokereni ku fakitale.

Lachiwiri lachinayi anati zithe lero. Anafika m'mawa, anachotsa nthambi zonse pabwalo paja kuti aone ngati pali pomwe pakandidwa, ndipo akadagwada, mpeni wokumbira uli m'manja, anamva timiyala tija. Nthawi yobwezera nthambi panalibe. Anabisala kuseri kwa tsinde. Anamva mapazi akubwera, masamba akuthyoka, kenako zii. Anadzambatuka, mpeni uli m'mwamba.

"Ndakugwira, mbava iwe! Wakutuma ndani?"

Mayiyo anakuwa mokweza mpaka phanga linayankha. Anabwerera chambuyo, dzanja limodzi litagwira kabudula m'chiuno, linalo likuloza foni kwa mkuluyo. Anathamanga, anagwa, anadzuka, anakwera njinga, ndipo timiyala tinamwazika kumbuyo kwake. Brasa anauwa kawiri, mochedwa.

A Nicanor anamva kukoma. Anabwezera nthambi zawo, anapukuta mpeni pabuluku, n'kuuyamba wa kumudzi, modzera kumtsinje monga mwa nthawi zonse kuti anthu awaone akuchokera kolakwika. Njira imeneyo ndi ya maola awiri. Panjinga, kutsika ndi njira ya timiyala ija, ndi mphindi makumi awiri.

Atafika pa bala anapeza njinga yotuwa itatsamira khoma. Miyendo inafuna kubwerera, koma mayi Obdulia anali atawaona kale pawindo. Analowa. Makadi anali mbwee patebulo, osaseweredwa. Amuna anayi a masiku onse anali ataunjikana pamodzi, ndipo mayi uja anali pampando pafupi ndi mbaula, bondo likutuluka magazi, kapu ya khofi ili m'manja. Atavula chisoti ndi magalasi anali munthu wamba, wa zaka ngati makumi anayi, wamaso otopa.

"Ndi awa!" anakuwa, n'kuimirira. "Ndi omwewa, ndi galu wawo yemwe!"

"Khalani pansi, mwana wanga," anatero mayi Obdulia. "Awa ndi a Nicanor, tinabadwira limodzi muno. Mano anatha kale awa, sangakulumeni."

"Anali ndi mpeni, mayi! Ine ndiimbira apolisi."

"Apolisi ali kutali, akafika muno khofi wazizira. Tayambani mwanena bwinobwino, eni ake amve."

Mayiyo anafotokoza. Dzina lake anali Mireia, namwino wa ku Valencia, ndipo Lachiwiri linali tsiku lake lopuma. Zaka ziwiri zapitazo galimoto inamugunda ali panjinga m'tauni, anagona miyezi itatu, ndipo kuchokera pamenepo ankangofuna njira yopanda galimoto, yopanda anthu. Ankakwera basi mpaka kumtunda n'kutsika ndi njanji yakaleyi. M'phanga muja mumazizira koopsa, ndiye akatuluka ankakhala pamwala kuti dzanzi lithe m'zala, n'kuona pakachipangizo mtunda womwe watsala.

"Nanga patchire mumakatani?" a Nicanor anafunsa, mawu ali gwa.

Mireia anawayang'ana ngati awamenye ndi kapu. "Bambo, kuchoka komwe ndimayambira kufika pano palibe chimbudzi ngakhale chimodzi. Mukufuna ndinene pamaso pa anthu onsewa chomwe munthu amakachita patchire?"

M'balamo munaphulika chiseko. Wina anamenya tebulo mpaka makadi anagwa. A Nicanor anachita manyazi, koma manyaziwo sanakhalitse, chifukwa anaona chinthu china choopsa kuposa chisekocho. Foni ya mayiyo sinali m'manja mwake. Inali m'manja mwa a Saturnino, ndipo a Saturnino sankaseka.

Anali atavala magalasi awo owerengera. Ndi zala ziwiri zonenepa ankatambasula pang'onopang'ono chithunzi chomwe mayiyo anajambula kuphanga kuja, ndipo a Nicanor, ali poima paja, ankachiona chozondoka. Munali iwo, pakamwa yasa, mpeni m'mwamba. Kumbuyo kwawo kunali tsinde lopindika. Pansi pa mapazi awo, poyera ngati mbale yotsukidwa, panali bwalo lija.

"Mayi, kadontho kofiira ka pansi apa n'kachiyani?" a Saturnino anafunsa mwaulemu kwambiri.

"Ndi mapu. Kakusonyeza pomwe ndinajambulira."

"Eti? Zinthu za masiku ano!" Anabweza foniyo ndi manja awiri, anavula magalasi, n'kuwapinda bwinobwino. Kenako anatembenuka, nkhope ili ngati ya munthu wosadziwa kanthu. "Koma alamu, mayiwa akuti minga ija anaipeza sabata yatha, ndipo akhala akumva ngati pali wowayang'ana. Inu mumati kuphanga kuli miyala yokhayokha. Nanga mumakatani kumeneko Lachiwiri lililonse?"

Amuna atatu enawo, onse okumba tirufa, anayang'ana m'makapu mwawo ngati mwagwera ntchentche, makutu ali tcheru. A Nicanor anaona kuti mayankho alipo awiri okha. Akanena zoona, mayiyu awakhululukira, mudzi uwaseka sabata imodzi, koma mtengo wapita lero lomwe, pamaso pa mboni zisanu. Yankho linalo linali lonyansa kulitchula. Anaganiza kuti mwina mlamu wawo sanaone bwino, mwina magalasi aja ndi akale, mwina bwalolo silinaoneke monga iwo analionera.

"Ndimakaonerera," anatero.

"Kuonerera chiyani, achimwene inu?" anafunsa mayi Obdulia, chopukutira chitaima m'manja.

"Mwamva kale. Mkazi wanga anamwalira kalekale. Thupi lakalamba koma maso ayi." Anatembenukira kwa Mireia, osamuyang'ana kumaso. "Mundikhululukire, mayi. Ndi uchitsiru wa ukalamba. Mpeniwo ndimadulira buledi."

Palibe anasekanso. Mireia anavala chisoti chake mwaukali. Anati kwa mayi Obdulia, "Ndimaganiza kuti kuno ndiye kuli mtendere." Mayi Obdulia anamuperekeza mpaka panjinga, akumulonjeza kuti mkuluyu sadzapondanso kuphanga, akadzangopondako adzaimbira okha apolisi. Pobwerera sanawayang'ane a Nicanor. Anangotenga kapu yawo, yomwe kwa zaka zambiri inkakhala payokha pashelefu, n'kuisakaniza ndi makapu a alendo. Mireia sanadzaonekenso pa Fuenroya.

Mudzi wa anthu osakwana makumi atatu susunga nkhani. Lachisanu, galimoto ya buledi itafika, amayi omwe anali pamzere anasiya mpata waukulu pakati pa iwo ndi a Nicanor. Mkazi wina wamasiye yemwe ankawapatsa mazira anayamba kutseka makatani iwo akamadutsa. Casilda anabwera kunyumba kwawo, anaima pakhomo osalowa, n'kunena kuti, "Achimwene, bola a Herminia anapita osaona zimenezi." Zinawapweteka kwambiri, sitingabise. Koma ankadzitonthoza kuti dzina limachira, ndipo mtengo ukadalipo.

Chovuta chinali kudikira. Tirufa sakumbidwa mu Novembala, amakhala asanakhwime, alibe fungo, ngakhale galu samumva. Pamafunika chisanu chenicheni cha Disembala. Kupita kukalondera sakanatha, chifukwa mudzi wonse tsopano unkayang'ana komwe mapazi awo aloza. Ndiye anakhala masabata asanu akuzonda anzawo. Ankayang'ana nsapato za aliyense. Ankawerenga agalu a m'mudzi m'mawa uliwonse kuti aone ngati pali wosowa. Chomwe chinkawasowetsa mtendere koposa chinali ubwino wa a Saturnino. Munthu yemwe kale ankawafunsa za dothi la kunsapato anasiyiratu kufunsa. Ndi iwo okha omwe ankakhalabe nawo patebulo la makadi, ankawaitanitsira vinyo, ankawasisita paphewa.

"Musadandaule alamu, tonse ndife anthu. Imwani."

"Mwayamba liti kundikonda inu?"

"Aa, chibale, alamu. Chibale."

Chisanu chinagwa sabata yachiwiri ya Disembala, masiku atatu otsatizana, madzi m'migolo n'kuuma gwa. M'mawa wa tsiku lachinayi a Nicanor anatenga thumba, mpeni ndi Brasa, anadzera kumanda, anadzera kumtsinje, anazungulira phiri lonse n'kutsikira pamtengo kuchokera kumwamba. Poyamba mtima unakhala pansi. Nthambi zawo zinali pomwe anazisiya, panalibe dzenje, panalibe phazi la munthu. Anazichotsa n'kuuza galu kuti asake.

Brasa ananunkhiza, anakanda pang'ono, n'kusiya. Anapita pena, anakanda, n'kusiyanso. Kenako anayamba kugwedeza mchira, osati monga amachitira akapeza, koma monga amachitira pakhomo pakafika munthu womudziwa. A Nicanor anagwada n'kulowetsa zala pomwe galuyo anakanda. Dothi linali lofewa. Zala zinalowa mpaka m'mfundo popanda mpeni. Anayesa pena, chimodzimodzi. Anapeza malo khumi ndi awiri, onse okumbidwa ndi mpeni woyenera, osadula muzu ngakhale umodzi, onse okwiriridwa bwino, ndipo m'dzenje lililonse munali timasamba towola tomwe okumba a kwathu amaikamo kuti chaka chamawa pabereke. Wakuba wa kutali amasiya maenje ali kukamwa, chifukwa sabweranso. Uyu anakumba ngati mwini wake, ndipo anali ndi maganizo odzabweranso chaka chamawa. Mkuluyo anakhala pansi pachisanu pomwepo, thumba lopanda kanthu lili pamiyendo, ndipo analira, galu akuwanyambita m'manja.

Lamlungu lake Casilda anatuma mawu kuti abwere adzadye nawo, koyamba chichitikireni za pa bala. Anapita. Fungo linawapeza akadali pabwalo. Patebulo panali mbale yaikulu ya mazira okazinga, pamwamba pake atapalirapo tirufa mosaumira, wakuda bii.

"Khalani alamu, khalani!" anatero a Saturnino, akukoka mpando. "Munda wanga wayamba kubereka. Zaka zinayi zokha! Anthu sakhulupirira."

"N'zovutadi kukhulupirira," anatero a Nicanor.

"Kapena inu mukudziwa kwina komwe angachokere? Nenani alamu, muli pa abale."

A Nicanor anayang'ana mbaleyo. Akanati chiyani? Malowo sanali awo, ndipo pamaso pa mudzi wonse anali atanena okha chomwe ankakachita kuphanga. Anatola foloko.

Casilda analawa, n'kusiya kutafuna. Anatseka maso, ndipo atawatsegula munali misozi. "Uyu akukoma ngati yemwe ababa ankabwera naye m'thumba la jekete," anatero. "Ankandipalira ine ndekha pa buledi, amayi asanaone. Chimwalirireni ababa sindinamulawenso, zaka makumi anayi." Anatembenukira kwa mchimwene wake. "Paja munati mtengo wa ababa uja unauma, eti achimwene? Chaka chomwe tinawaika?"

"Unauma," anatero a Nicanor. "Unauma kalekale."

Casilda anawayang'ana nthawi yaitali osaphethira. Kenako anakoka mbale yaikulu ija n'kudzipakulira zonse zomwe zinatsala, osawagawirako.